Boti la 505 linachita mwayi kuti Olimpiki inalisiya

Ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo ndinkadziyesa munthu woidziwa nyanja. Mwera ndinkaudziwa, mpoto ndinkaudziwa, nkhafi ndinaigwira ndisanayambe sukulu. Koma tsiku limene ndinatuluka koyamba kunja kwa boti la matanga, nditapachikika pawaya, mapazi okha ali m'mphepete mwa boti, msana utatsala pang'ono kukhudza madzi, mtima unandigunda ngati wa mwana. Kunali ku damu la Vaal kuno ku South Africa, m'mwezi wa Seputembala, nyengo ya mphepo. Mwini boti, bambo wachikulire wa imvi mutu wonse, anali kumbuyo atagwira chiwongolero. Anangoti, "Wongola miyendo, usayang'ane madzi, yang'ana kutsogolo." Nditawongola miyendo, boti limene linali litapendekeka lija linadzuka n'kukhazikika. Phokoso la madzi linasintha. Khuvukhuvu uja anatha, m'malo mwake munamveka kaphokoso konga ka nsalu ikamang'ambika. Mphuno ya boti inatukuka, ndipo tinayamba kuterereka pamwamba pa madzi, damu lonse likuthawira kumbuyo.

Boti limenelo linali 505. Dzina lake ndi manambala chifukwa m'litali ndi mamita 5.05. Limakwera anthu awiri, lilibe injini, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha: mpikisano. Anthu okonda maboti a matanga akamakamba za ilo, ambiri amamaliza ndi kudandaula kuti boti labwino chonchi latha zaka zoposa 70 likuthamanga koma silinalowepo m'masewera a Olimpiki. Amalankhula ngati akukamba za mwana wanzeru amene sanasankhidwe kupita ku sekondale. Ine sindidandaula nawo. Ndimaona kuti kusiyidwa kumeneko ndi kumene kwalisunga ndi moyo, chifukwa kunasiya ulamuliro wa botili m'manja mwa anthu amene amalikwera, kuligula ndi ndalama zawo, ndi kulimata likang'aluka.

Kuti mumve chimene botili linabweretsa, yambani ndi vuto limene boti lililonse limakumana nalo. Boti likamayenda limakankha madzi, ndipo madziwo amapanga funde kutsogolo ndi lina kumbuyo. Liwiro likakwera, mafunde awiriwa amatalikirana mpaka boti limakhala m'chigwa pakati pawo, likuyesa kukwera phiri limene ladzipangira lokha. Kwa boti la mamita asanu, malire amenewa ali pafupifupi pa makilomita 10 pa ola. Wopalasa aliyense amazidziwa m'mapewa mwake: pamafika poti kaya upalase bwanji, bwato siliwonjezanso liwiro. Munthu amene anaonetsa poyera kuti boti laling'ono la matanga lingathawe m'chigwachi anali Uffa Fox wa ku Cowes, ku England. Mu 1928 anapanga boti lotchedwa Avenger, la gulu la International 14, lakuthwa kutsogolo koma lafulati pansi chakumbuyo. Mphepo ikakula, botilo linkakwera pamwamba pa funde lake n'kumaterereka, monga mmene phale limachitira ana akaliponya mopingasa padziwe. M'mipikisano 57 imene linalowa chaka chimenecho, linapambana 52.

Chinatsala ndi mphamvu. Thanga lalikulu limafuna kugwetsa boti, ndipo chimene chimalibweza ndi kulemera kwa anthu okwera. Akakhala patali ndi pakati pa boti, kulemera kwawo kumagwira ntchito kwambiri, monga mmene mpini wautali umazulira chitsa chimene mpini waufupi walephera. Mu 1938, pampikisano wa Prince of Wales Cup ku Falmouth, Peter Scott ndi John Winter anamangirira waya pamwamba pa mlongoti, mmodzi n'kudzikoleka m'chiuno kuti aime kunja kwa boti thupi lonse. Anapambana, ndipo akuluakulu a gulu la International 14 lija anailetsa njirayo kwa zaka zambiri. Waya umenewu ndi umene lero umatchedwa trapeze, womwe uja ndinapachikikapo ku Vaal.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, bungwe loyang'anira mipikisano ya matanga, limene panthawiyo linkatchedwa IYRU ndipo lero ndi World Sailing, linkafuna boti latsopano la anthu awiri. Flying Dutchman, la ku Netherlands, lopangidwa mu 1951 ndi Uus van Essen ndi Conrad Gülcher, linali kale patsogolo. Mu 1953 bungweli linaitana maboti osiyanasiyana kuti akayesedwe panyanja yamchere ku La Baule, ku France. Kumeneko kunabwera boti lachilendo maonekedwe lotchedwa Coronet, la mamita pafupifupi 5.5, lopangidwa ndi Mngelezi John Westell. Linathamanga modabwitsa onse amene analiona. Komabe malo anapita kwa Flying Dutchman, limene pambuyo pake linalowa mu Olimpiki mu 1960.

Nkhani ya Coronet ikanathera pomwepo. Koma pagombe paja panali anthu a gulu lina la ku France lotchedwa Caneton, dzina lotanthauza kabakha. Awa sanali a boma kapena a kampani. Anali eni maboti wamba amene ankafuna boti labwino loti onse azikwera lofanana. Anapita kwa Westell n'kumupempha kuti alifupikitse botilo, alipepukitse, achepetseko matanga kuti ligwirizane ndi zofuna zawo. Westell anavomera, ndipo kumayambiriro kwa 1954 mamembala a gululo anavota ku Paris kulandira boti latsopanolo. Mu 1955 linavomerezedwa kukhala gulu la mayiko onse, ndipo mpikisano woyamba wa padziko lonse unachitika mu 1956 ku La Baule komweko. Ndimaikonda mfundo imeneyi kuposa zonse m'mbiri ya botili. Komiti ya akuluakulu inalidutsa, okwera analitola. Linabadwa ndi voti ya eni ake, ndipo mpaka lero likuyenda ndi voti ya eni ake.

Tsopano onani thupi lake. Agogo anga aamuna anali osema mabwato, ndipo amene munaonapo bwato la kunyanja kwathu mukudziwa mmene limakhalira: mimba yotupa pansi, kukamwa kopapatiza pamwamba, moti wopalasa amakhala pamilomo yake, miyendo yokha ili m'kati. Anaseme choncho ndi cholinga. Kukamwa kopapatiza kumaletsa mafunde kudzaza bwato, ndipo mtengo womwewo ndi wozungulira. Westell anachita zotembenuza. Pamene 505 limakhudza madzi ndi lopapatiza, kuti lisakankhe madzi ambiri mphepo ikakhala yochepa. Kuchoka pamenepo mbali zake zimatambasukira kunja ngati milomo ya lichero, mpaka pamwamba kufika mamita 1.88 m'lifupi. Choncho boti limodzi lili ndi m'lifupi muwiri: wa madzi ndi wa anthu. Madzi amaona boti lowonda, koma munthu wa pawaya amaponda patali, mpini wake n'kutalika. Milomo yotambasukayo imagwetsanso madzi othovoka kuti asamangomenya anthu kumaso, ndipo mphuno ikafuna kumira m'funde, mbali zotambasukazo zimaitukula. Tsiku loyamba kuliona pangolo yake, ndinalizungulira kawiri ndikupapasa ndi dzanja pamene mbali imayambira kupindikira kunja. Ndinaganiza za agogo ndi kasemasema wawo. Akanatsutsa kuti limeneli si bwato lopita nalo ku usipa usiku, ndipo akananena zoona. Koma akanazindikira msanga kuti amene anajambula mzerewo ankadziwa chimene madzi amafuna.

M'mbali zonse ziwiri muli matanki a mpweya ozungulira bwino pamwamba, okhalapo osapweteka ntchafu. Boti likagubuduzika silimira. Mmodzi amakwera pachipsepse, thabwa lija limatulukira pansi pa boti kuti lisamakankhidwire cham'mbali, n'kulidzutsa ndi kulemera kwake, madzi otsala n'kutuluka okha mukayambanso kuthamanga. Matanga ndi atatu. Lalikulu ndi laling'ono lakutsogolo pamodzi amapitirira pang'ono masikweya mita 17. Lachitatu, lotchedwa spinnaker, limene amalikweza mphepo ikamachokera kumbuyo kapena cham'mbali, ndi pafupifupi masikweya mita 27 palokha. Zonsezi zili paboti lolemera makilogalamu 127.4, osafika matumba atatu a chimanga. Mphepo ikafika pabwino, malire a makilomita 10 pa ola aja amaswedwa kawiri, ngakhale katatu.

Koma maboti othamanga alipo ambiri, ena othamanga kuposa ili. Chimene ndikuti ndi nzeru yeniyeni ya 505 chili m'malamulo ake. Malamulowo amagwira zolimba zinthu zochepa: maonekedwe a thupi la boti, kukula kwa matanga, ndi kulemera kochepetsetsa. Ukapanga boti lopepuka kuposa muyezo, umamangiriramo mtovu mpaka lifike. Zotsalazo anazisiya kwa mwini. Zingwe uzidutsitsa pati, mlongoti uupinda bwanji, chipsepse ndi chiwongolero uzisema motani, matanga ukasoketsa kwa ndani, spinnaker uzisunga m'thumba kapena m'mphako ya kumphuno, zonsezo ndi zako. Ngakhale womanga boti umasankha wekha. Oyambirira anali a matabwa opyapyala omatidwa, kenaka kunabwera fibreglass, lero ndi carbon ndi epoxy, zipangizo za kufakitale zopepuka koma zolimba. Amisiri monga Parker ndi Rondar ku England, Waterat ku California, ndipo posachedwapa Ovington, aliyense waikapo luso lake, koma boti la 1960 ndi la chaka chino ukawaika pamuyezo umodzi onse ndi 505.

Zimenezi ndinaziona ndi maso m'boti la bambo aja. Ndi lakale, lokhala ndi zigamba, ndipo m'kati mwake muli zingwe zamitundumitundu zoposa zimene ndinkatha kuwerenga poyamba. Chofiira chimagoneka mlongoti chakumbuyo mphepo ikakula, ndipo amachikoka boti likuyenda. Chabuluu chimalimbitsa mawaya a m'mbali. China chimakankha tsinde la mlongoti kuti usapindike mopitirira. Pansi pa boti pali timabowo tambiri totsekedwa ndi guluu, ndipo tsiku lina ndinafunsa kuti n'chiyani. Anagwada n'kumaloza kamodzikamodzi. Apa, akuti, panali kapule mwini woyamba asanasinthe maganizo. Apa anaboola iwo eni chaka chimene anayamba kukwera ndi mwana wawo wamkazi, amene manja ake anali aafupi. Apa analakwitsa, anabweza patatha mwezi. Ndinaona kuti botilo ndi kope limene anthu atatu kapena anayi alembamo maganizo awo, aliyense kufufuta pang'ono za mnzake. Madzulo amenewo anandipatsa chingwe choyezera n'kunena kuti, "Iwe ndi wamtali kuposa amene analipo. Chogwirira cha waya chikhale pati? Yeza wekha." Ndinali ndisanathe miyezi itatu m'botimo.

Ufulu wotere ukanatha kuliwononga gululi, olemera akanamangogula liwiro. Chimene chaletsa ndi chakuti malamulo amasinthidwa ndi mavoti a eni maboti, ndipo munthu akamavota amaganiza za boti limene lili kuseri kwa nyumba yake. Mu 2001 anavomereza spinnaker yaikulu, chifukwa maboti atsopano anali atayamba kukopa achinyamata ndipo 505 linkafunika mphamvu yowonjezera poyenda ndi mphepo yakumbuyo. Kusinthako kunafuna thanga latsopano ndi kukonza pang'ono pamlongoti, boti lonse n'kukhala lomwelo. Koma milongoti ya carbon, imene ikanapepukitsa boti ndithu, akhala akuikaniza kwa zaka zambiri, chifukwa tsiku limene angailole, aliyense wofuna kupikisana ayenera kutaya mlongoti wake wa aluminiyamu n'kugula wodula. Umo ndi mmene amaganizira munthu amene ndalama ikutuluka m'thumba mwake. Amalola chatsopano chimene anzake ambiri angachikwanitse, n'kuchedwetsa chimene chingasiye theka la anzake pagombe.

Nanga maboti amene anasankhidwa zinawathera bwanji? Flying Dutchman linakhala mu Olimpiki kuyambira 1960 mpaka 1992, kenaka linachotsedwa. Finn, boti la munthu mmodzi limene linalowa mu 1952, linatsanzikana ndi Olimpiki pa masewera a ku Tokyo. Boti la 470, lopangidwa ndi André Cornu wa ku France mu 1963, lili m'masewerawa kuyambira 1976, koma pofika pa masewera a ku Paris mu 2024 mipikisano yake iwiri, ya amuna ndi ya akazi, inaphatikizidwa kukhala umodzi wa mwamuna ndi mkazi. Kaya chigamulocho chinali chabwino kapena ayi, sichinachokere kwa eni maboti. Mu 1996 bungwe loyang'anira mipikisano lija linasankha 49er ya Julian Bethwaite wa ku Australia, ya mawaya awiri ndi mapiko m'mbali, kuti ikayambe ku Sydney mu 2000, ndipo mbali ina ya chifukwa chake inali yakuti imaoneka bwino pa wailesi yakanema. Sindikunena kuti maboti ochotsedwawo anafa. Flying Dutchman ndi Finn akadali ndi anthu owakonda kwambiri. Koma taonani kuti moyo umene ali nawo lero ndi womwe uja 505 lakhala nawo kuyambira pachiyambi, wa eni ake okhaokha, ndipo iwo anachita kuuphunzira atakula, ndalama za maboma zitachoka.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Boti likalowa mu Olimpiki limalandira ulemu, koma limalandiranso eni atsopano. Mabungwe a mayiko amabwera ndi makochi, maboti a injini otsatira pambuyo, ndi achinyamata amene ntchito yawo ndi kukwera boti tsiku lililonse. Amasintha matanga ndi maboti pafupipafupi chifukwa si iwo akulipira. Mphunzitsi wa sukulu kapena makaniko amene amakwera Loweruka lokha amayang'ana zimenezo n'kuona kuti malo ake palibenso. Matupi nawo amayamba kusankhidwa: boti lililonse la Olimpiki limafika pokhala ndi msinkhu ndi kulemera kwake koyenera, ndipo amene sali pamuyezowo amauzidwa kuti akayese kwina. Ndiye pali nkhani ya opanga. Laser ya Bruce Kirby, imene inalowa mu Olimpiki mu 1996 ndipo yapangidwa yoposa 200,000, inamangidwa pa mfundo yakuti boti lililonse lifanane ndi linzake ndipo wokwera asasinthe kanthu. Mfundoyo ili ndi ubwino wake. Koma mu 2019 mkangano pakati pa bungwe la okwera ndi kampani ina yopanga botilo unafika poti boti lomwelo linayamba kugulitsidwa ndi dzina lina, ILCA. Okwera wamba anangoonerera anthu ena akukanganirana dzina la boti lawo. Ku 505 zoterezi n'zovuta kuchitika, chifukwa palibe kampani imodzi imene yagwira mpeni ndi nyama yomwe.

Wina anganene kuti popanda Olimpiki akatswiri sabwera. Mbiri ikukana. Paul Elvstrøm wa ku Denmark, amene anapata mendulo zagolide pa Olimpiki zinayi zotsatizana kuyambira 1948 mpaka 1960, anapambana mpikisano wa padziko lonse wa 505 mu 1957 ndi 1958. Krister Bergström wa ku Sweden anaupambana kasanu. Wolfgang Hunger wa ku Germany, dokotala amene anapikisanapo mu Olimpiki pa 470, atabwera ku 505 anaupambananso kasanu. Anthu otere sanabwere kudzafuna mendulo ya dziko, pakuti kuno kulibe. Anabwera chifukwa botilo limabweza zimene waikamo, ndipo mdani wako pamzere woyambira angakhale mnyamata wa zaka 20 kapena bambo wa zaka 60 amene wakhala akusuntha mapule ake kwa zaka 30. Maboti oposa 9,000 apangidwa, ndipo mipikisano ina ya padziko lonse imasonkhanitsa maboti oposa 100 pamzere umodzi. Mu 2015 mpikisanowu unachitikira kuno, ku Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha. Amati tsabola wakale sawawa, koma ameneyu akuwawabe.

Pali zinthu ziwiri zimene otsutsa amanena zimene sindingazikankhire pambali. Choyamba ndi mtengo. 505 yatsopano ya carbon, ndi matanga ake ndi ngolo yake, ndalama yake ingamange nyumba yabwino ya malata kwathu. Zingwe zambirimbiri zija zimaopsezanso wophunzira, ndipo pawaya pamafunika munthu wamtali ndi wolemera, zimene zimapangitsa kuti akazi ambiri ndi anyamata ang'onoang'ono apezeke kuchiwongolero kokha kapena asapezeke n'komwe. Zonsezi n'zoona, ndipo gululi liyenera kumadzifunsa chaka ndi chaka ngati silikusanduka la madoda okhaokha a ndalama. Yankho langa ndi lochepa koma ndi lenileni: popeza thupi la boti silinasinthe, boti lakale silisanduka chinyalala. Limatsika mtengo, limapita kwa wina, limalowa mpikisano womwewo ndi latsopano. Silingapambane pa dziko lonse, koma padamu limapambana ngati okwera akudziwa chochita. Ine mwana wa ku Nkhotakota sindikanalowa m'masewerawa kudzera m'boti latsopano. Ndinalowera m'boti la zigamba, la munthu amene ankangofuna wina wamtali woti aime pawaya.

Chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo chimandikhudza. Olimpiki, ndi zoipa zake zonse, imatsegula chitseko kwa mayiko osauka. Imapereka malo ku chigawo chilichonse cha dziko lapansi, ndipo pa gulu ngati ILCA maboti a pampikisano amaperekedwa ofanana kwa onse. N'chifukwa chake pa masewera a ku Tokyo dziko la Mozambique linatumiza atsikana atatu: Deisy Nhaquile pa Laser Radial, imene ndi Laser ya thanga locheperapo, ndi Denise Parruque ndi Maria Machava pa 470. Ndinasangalala kuona mbendera ya anansi athu pathanga. Gulu la 505 silingachite zimenezo. Lilibe thumba la ndalama lotumizira boti ku Maputo kapena ku Mangochi, ndipo silinayambe lalonjezapo. Ngati funso ndi lakuti mwana wa ku Africa afike bwanji pamaso pa dziko lonse, yankho ndi maboti a Olimpiki, ndipo ndilibe mawu otsutsa.

Koma atsikana amenewo, ndi ena onse opita ku Olimpiki, zaka zawo zopikisana kumeneko n'zowerengeka. Akafika zaka 30 kapena 35, thandizo latha, kochi wapita kwa wamng'ono, amapita kuti? Masewera amene ali ndi njira yokwerera yokha, opanda pokhala munthu akatsika, amataya anthu ake abwino kwambiri pa msinkhu umene ayamba kumvetsa zinthu. Apa ndi pamene magulu ngati 505 amagwira ntchito imene Olimpiki singagwire. Amasunga anthu m'madzi moyo wawo wonse, ndipo nzeru zimayenda kuchoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono m'boti momwemo, wina kumbuyo wina pawaya. Ndiye ndikamva wina akuti 505 likanayenera kulowa mu Olimpiki kuti lilemekezeke, ndimafunsa kuti likanalowa, bambo aja akanakhala kuti lero, ndipo ine akanandiphunzitsa ndani?

Ndikapita kumudzi ndimayang'ana nyanja ndi maso ena tsopano. Matanga si achilendo kwathu. Ngalawa za matanga zinkawoloka kuchokera ku Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, pa ntchito yoipa ya ukapolo imene sitiiwala, ndipo mpaka lero zina zimanyamula anthu ndi katundu pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique. Asodzi ena amasoka matumba n'kukweza pamtengo kuti mphepo iwathandize pobwerera. Mpikisano wautali wa maboti a matanga pa Nyanja ya Malawi unayamba mu 1984, ndipo umachitika m'nyengo ya mwera, ngakhale kuti ambiri okwera amakhala alendo ndi anthu opeza bwino. Sindikulota kuti 505 za carbon zidzadzaza gombe la Senga Bay. Chimene ndikanakonda kuti tibwereke ndi kachitidwe ka anthu a Caneton aja. Ngati tsiku lina achinyamata a m'mbali mwa nyanja adzafuna mpikisano wawo wa matanga, asadzadikire boti lochokera kunja limene sangaloledwe kuliboola kapena kulisokera thanga. Adzagwirizane muyezo umodzi wa thupi la boti limene akalipentala a ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay ndi ku Monkey Bay angakhome ndi matabwa, adzagwirizane kukula kwa thanga, zotsalazo adzasiyire mwini aliyense, ndipo malamulo azidzasintha okhawo amene ali ndi boti pamchenga. Amisiri alipo, mphepo ilipo yokwanira kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Chogwirira chija ndinachikweza ndi zala zinayi. Sabata yotsatira, mphepo itakula, ndinapeza kuti ndachikweza mopitirira: potembenuka ndinkachedwa kuchipeza, ndipo kamodzi tinagubuduzika pafupi ndi chizindikiro chokhotera, maboti atatu n'kutidutsa tili m'madzi. Titafika kumtunda bambo aja sanakalipe. Anatulutsa chingwe choyezera m'thumba la jekete n'kundipatsanso. Ndachitsitsa ndi zala ziwiri, ndipo Loweruka likubwerali tikachiyesa.